Ndinasiya kupemphera kalekale, kodi Mulungu angandilandirenso? Mafunso ndi mayankho

Mafunso amenewa anthu sandifunsa m'tchalitchi. Amandifunsa pasiwa moto utazilala, pa siteji tikudikira minibasi, kapena pa WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku, uthenga wake n'kuyamba ndi mawu akuti, "Pepani akulu a mpingo, ndili ndi kafunso." Ambiri ndi anthu obatizidwa. Ena anaimbapo kwaya, ena anavalapo yunifolomu ya amayi, kenaka china chake chinachitika n'kusiya. Ndawalemba monga momwe eni ake amafunsira. Malamulo a mipingo amasiyana, ndiye pamene pakhudza dongosolo la mpingo wanu mukafunsenso abusa kapena bambo mfumu kwanuko.

Ndatha zaka zambiri osaponda m'tchalitchi. Kodi Mulungu akadandifunabe?

Eya, akukufunani, ndipo sindikunena izi pofuna kukusangalatsani. Tsegulani Luka 15. Chaputala chimenechi chimayamba ndi madandaulo: Afarisi ndi alembi ankang'ung'udza kuti Yesu amalandira anthu ochimwa mpaka kudya nawo. Yesu sanakane mlanduwo. Anawayankha ndi mafanizo atatu, la nkhosa imodzi yotayika mwa nkhosa 100, la ndalama imodzi yotayika mwa ndalama 10, ndi la mwana wolowerera.

Lachitatuli tinalimva tili ku Sande Sukulu, n'chifukwa chake timaliwerenga mothamanga. Tiyeni tiime pang'ono. Mnyamata uja anapempha chuma chamasiye bambo ake akadali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo. Kwathu kuno mwana wotere timati akufunira kholo imfa. Malinga ndi Deuteronomo 21:17, mwana woyamba ankalandira magawo awiri, ndiye wamng'onoyu anayenera kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma cha banja, n'kukalimwaza kudziko lakutali. Njala itagwa anapeza ganyu yoweta nkhumba, nyama yodetsedwa kwa Myuda (Levitiko 11:7), ndipo anafika posirira makoko amene nkhumbazo zinkadya.

Pobwerera anakonzeratu zokanena, mfundo zitatu: ndachimwa, sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, munditenge ngati mmodzi wa antchito anu. Yerekezani vesi 19 ndi vesi 21. Mfundo yachitatuyo sinatuluke, bambo anali atayamba kale kuitanitsa mwinjiro wabwino koposa, mphete ndi nsapato. Komanso bamboyo anamuona mwanayo akali patali, kusonyeza kuti maso ake ankakhalira kunjira. Ndipo anathamanga. Inu munaonapo mkulu wa pamudzi, mwini khola la ng'ombe, akuthamanga ana akuona? Pokhapokha nyumba ikupsa. Manyazi amene anayenera kugwera mwana polowa m'mudzi ali mbuu, akununkha nkhumba, bambo anawasenza okha pothamangapo.

Kunena zoona ndikubwerera chifukwa zinthu zandithina. Ntchito inatha ku Joni, ndabwera chimanjamanja. Kodi chimenechi si chinyengo?

Mwana wolowerera sanabwerere chifukwa chopukwa bambo ake. Chinamubweza ndi m'mimba. Mawu ake pa vesi 17 ndi a chakudya: antchito a bambo anga akudya n'kusiya, ine kuno ndikufa ndi njala. Ndipo bambo sanamufunse kuti, "Ndalama zikanakhalapo ukanabwera?" Funso limenelo timafunsa ndife anthu.

Ambiri amene ndawaona akubwerera anabwera atagonekedwa m'chipatala, banja litatha, kapena ataika mwana m'manda. Njala ndi imene inawafikitsa pakhomo, chikondi chinadzakula ali kale m'nyumba. Chinyengo n'kubwera kudzatola thandizo uku mumtima mutapangana kale kuti mukakhuta mubwerera kunkhumba. Zimenezo mukuzidziwa ndinu nokha.

Simukudziwa zimene ndinachita. Zanga n'zazikulu.

Zoona, sindikudziwa, ndipo simukukakamizidwa kundiuza. Koma taonani anthu amene Mulungu anawalandiranso.

Davide anagona ndi mkazi wa msilikali wake Uriya. Mkaziyo atatenga pakati, Davide anakonza zoti mwamunayo akafere kunkhondo, ndipo kalata ya imfayo anapatsira Uriya yemweyo kuti anyamule (2 Samueli 11). Mneneri Natani atamuloza chala, Davide anavomera kuti wachimwira Yehova, ndipo Natani anamuyankha pomwepo kuti Yehova wachotsa tchimo lake. Salimo 51 linachokera m'nkhani imeneyi.

Manase ndiye anaonjeza. Analamulira Yuda zaka 55, anaimika fano m'Nyumba ya Mulungu, anapsereza ana ake ngati nsembe, ankafunsira kwa obwebweta. Ankhondo a Asuri anamugwira, n'kumumanga maunyolo kupita naye ku Babulo. Kumeneko anadzichepetsa napemphera, ndipo 2 Mbiri 33:13 imati Mulungu anamumvera n'kumubwezera ku Yerusalemu.

Nanga Petro? Anakana Yesu katatu akuwotha moto wamakala pabwalo la mkulu wa ansembe. Yesu atauka, ophunzira anamupeza m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya ali ndi moto wamakala, nsomba zili pamoto (Yohane 21). Anamufunsa Petro katatu ngati amamukonda, ndipo sanamutumize ku benchi yakumbuyo, anamupatsa nkhosa zoti awete. Ine chimene chimandikhudza ndi dongosolo lake: anayamba wawadyetsa, mafunso anabwera atatha kudya.

Ndinamva kuti pali tchimo losakhululukidwa. Bwanji ngati ndinalichita?

Werengani nkhani yonse pa Marko 3:22-30, osati vesi limodzi. Alembi ankaona ndi maso awo Yesu akutulutsa ziwanda, koma anati akuchita zimenezo ndi mphamvu ya mkulu wa ziwanda. Tchimo limeneli si mawu amene anakupulumukani mutaledzera, kapena amene munalankhula mokwiya pamaliro a mwana wanu. Ndi kuona ntchito ya Mzimu Woyera, n'kuitcha mwadala kuti ndi ya Satana, mpaka mtima kuuma gwa osafunanso kukhululukidwa. Munthu wofika pamenepo funso ili silimusowetsa tulo, alibe nalo ntchito n'komwe. Inu likukusowetsani tulo.

Ena amachita mantha ndi Ahebri 6:4-6 ndi Ahebri 10:26, mavesi amene amakamba za anthu ogwa m'chikhulupiriro kapena ochimwa mwadala atadziwa kale choonadi. Mavesi amenewa ndi olemera, sindiwapeputsa, ndipo akatswiri a Baibulo amawamasulira mosiyana. Koma kalatayo inalembedwera Akhristu amene ankakumana ndi mazunzo ndipo ankayesedwa kuti amusiye Khristu. Ndi chenjezo kwa munthu amene wagwira chitseko kuti atuluke. Kwa amene akugogoda kuti alowe, Yesu ananena pa Yohane 6:37 kuti wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja.

Ndinadulidwa mu mpingo. Ngati Mulungu wandikhululukira, n'chifukwa chiyani akuti ndiyambe kalasi? Bwanji osangondilola ku Mgonero?

Apa pali zinthu ziwiri zimene timazisakaniza. Chikhululukiro cha Mulungu sichidikira kuti bwalo la akulu a mpingo likumane. Pa 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye amatikhululukira, ndipo sanatchulepo miyezi. Mukagwada usiku uno pamphasa panu, nkhani yanu ndi Mulungu yatha usiku womwe uno. Koma munalinso m'gulu la anthu, ndipo gululo lili ndi njira yake yolandirira wobwerera. Mu CCAP nkhani zotere zimapita kwa abusa ndi akulu a mpingo, munthu amaphunzira kwa nthawi kenaka n'kubwezeredwa. Kwa Akatolika khomo lake ndi sakramenti la kulapa, ndipo ngati chotchinga chili ukwati wosadalitsa, bambo mfumu amakuuzani njira yoti mutsate.

Funso limeneli si lalero, ndipo linavutapo kwambiri mu Africa momwe muno. Mu 250 mfumu ya Aroma, Decius, inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma n'kulandira chikalata cha umboni. Akhristu ambiri anagonja, ena anachita kugula zikalatazo. Mazunzo atazilala anafuna kubwerera. Ku Roma wansembe wina, Novatian, anati anthu otere mpingo usawalandirenso. Ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Bishopu Cyprian ndi anzake anakumana mu 251 n'kugwirizana kuti ogwawo alandiridwe akadutsa nthawi ya kulapa. Mbali yaikulu ya mpingo inatsata njira yolandirayi.

Choncho kalasi payokha si yoipa. Pa Agalatiya 6:1, pamene akuti wogwa m'tchimo mum'bweze mofatsa, liwu la Chigiriki lake ndi lomwe lija lili pa Marko 1:19, pamene Yakobo ndi Yohane ankasoka maukonde. Msodzi amasoka ukonde kuti ubwerere m'madzi, sausoka kuti ukhale pamchenga.

Koma ndisabise, ifeyo akulu a mpingo timalakwitsa. Tsiku lina pa bwalo lathu tinatulukira kuti mayi wina wakhala pa chilango zaka zitatu chifukwa chabe dzina lake linasowa m'kaundula pamene mlembi anasintha. Ankabwera Lamulungu lililonse. Likakhala la Mgonero, ankatola chitenje chake mwakachetechete n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi mpaka titamaliza. Tonse tinkamuona akutuluka, ine ndemwe, koma palibe anafunsa. Paulo anawauza Akorinto kuti chilango chikakwana amukhululukire munthuyo ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni (2 Akorinto 2:6-8). Ngati nthawi imene anakuuzani yadutsa, musakhale chete, pitani mukafunse.

Kodi ndiyenera kubatizidwanso?

Ku CCAP, ku Katolika ndi ku Anglican ayi. Amati ubatizo ndi umodzi (Aefeso 4:5), mwana akathawa pakhomo sachita kubadwanso kwa mayi ake pobwerera. A Seventh-day Adventist amatha kum'batizanso munthu amene anasiyiratu chikhulupiriro, ndipo mipingo ya Baptist ndi yambiri ya Chipentekoste imabatiza pomiza munthu amene anabatizidwa ali khanda. Funsani kumene mukupitako.

Ndinapita kwa sing'anga. Ndili ndi mphini, ndipo m'nyumba muli zinthu zimene anandipatsa. Nditani?

Simuli oyamba. Ku Efeso, amene anabwera kudzaulula zamatsenga zawo anali anthu okhulupirira kale, ndipo mabuku amene anawotchedwa pamaso pa anthu anali a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:18-19). Zithumwa, nsupa ndi zokwirira pakhomo zichotseni. Ngati mukuopa kuzigwira nokha, itanani abusa kapena Akhristu awiri okhwima m'chikhulupiriro mupemphere limodzi n'kuzitentha. Mapanga awiri avumbwitsa. Mphini zokha sizifufutika, ndipo musavutike nazo, ndi zipsera chabe.

Sindikunena za masamba owiritsa a m'mimba amene agogo anakuphunzitsani, amenewo ndi mankhwala. Ndikunena za kuombeza ula, kukhwima ndi kutchinjiriza thupi. Chenjezo langa ndi ili: musataye chithumwa cha sing'anga n'kukagula kabotolo ka mafuta kwa munthu wodzitcha mneneri amene akuti popanda iye simumasuka. Mwangosintha sitolo.

Vuto langa si Mulungu ayi, ndi maso a anthu. Ndinatenga mimba ndisanakwatiwe ndipo mpingo wonse ukudziwa.

Funso ili ndi limene limatsekereza anthu ambiri kunyumba kuposa mafunso onse ali pamwambawa, ndipo sindikunamizani kuti manong'onong'o sadzakhalapo. Adzakhalapo. Amayi awiri adzatsinana mukamalowa. Chimandiwawa n'chakuti pa nkhani za mimba mtsikana ndiye amaonekera, chifukwa mimba sibisika, pamene mnyamata amapitiriza kuimba besi m'kwaya kapena amangosamukira ku mpingo wina. Pa Yohane 8 zinalinso choncho: anabweretsa mkazi yekha, chonsecho akuti anam'gwira ali mkati mochita chigololo. Mwamunayo anali kuti? Yesu anawauza kuti wopanda tchimo ayambe kuponya mwala, ndipo anachoka mmodzimmodzi kuyambira akuluakulu.

Fanizo la mwana wolowerera lili ndi mwana wachiwiri, uja anakana kulowa m'nyumba atamva nyimbo ndi magule. Anati wagwira ntchito zaka zonsezi koma sanapatsidwepo ngakhale kamwana ka mbuzi. M'bale wake sanamutchule n'komwe kuti m'bale, anati "mwana wanuyu." Ameneyu ali m'mipingo yathu yonse, nthawi zina amakhala pampando wa akulu a mpingo. Koma bambo anatulukanso kukamudandaulira iyeyo, ndipo phwando silinaime chifukwa choti mkulu wakwiya.

Tsiku loyamba musapite nokha. Pezani mayi mmodzi wa m'dera lanu amene mumamukhulupirira, mulowe naye, mukhale naye. Mwanayo mum'bereke, si tchimo iyeyo, ndi mwana. Pakatha masabata atatu anthu amakhala atapeza nkhani ina.

Ndinabwererapo kawiri koma mowa unandigwetsanso. Ndikuchita manyazi kupitanso kutsogolo kachitatu.

Yesu anauza ophunzira kuti m'bale akakulakwira kasanu ndi kawiri pa tsiku limodzi, n'kubwera kasanu ndi kawiri kudzalapa, um'khululukire (Luka 17:4). Sangatilamule ife kuchita chimene Iye sachita. Bwerani kachitatu.

Koma tiyeni tilankhule chilungamo. Kuimika dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso n'kosavuta, kwaya ikuimba, misozi ikutsika. Nkhondo ili pa tsiku la malipiro, ndalama zalowa pafoni, ndipo njira yanu yobwerera kunyumba imadutsa pa shabini pomwe anzanu amakuitanani ndi dzina lamasewera. Sinthani njira. Ndalama za pakhomo zipite kwa mayi a kunyumba musanaweruke. Pakhale munthu mmodzi amene mungamuimbire foni ludzu likakugwirani. Ndipo ngati manja amanjenjemera m'mawa mukapanda kumwa, pitani kuchipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi thupi litazolowera kutha kukudwalitsani kwambiri. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro.

Mulungu akandikhululukira, mavuto amene ndinadziputira atha?

Si nthawi zonse. Davide anakhululukidwa, komabe mwana uja anamwalira ndipo m'banja mwake lupanga silinachoke. Ngongole muibwezabe. Ana amene munabereka kunja akufunika fizi ndi sopo. Ngati muli pa ma ARV pitirizani kumwa, ndipo aliyense wokuuzani kuti muwataye chifukwa mwapemphereredwa akukupherani dala. Zakeyu Yesu atalowa m'nyumba mwake analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anam'bera (Luka 19:8), ndipo palibe anam'kakamiza. Mwina pali munthu amene muyenera kukamupepesa, kapena mbuzi ya eni ake yoti ibwerere.

Lonjezo la pa Yoweli 2:25, loti Mulungu adzabwezera zaka zimene dzombe linadya, ndimalikhulupirira. Kungoti ndaona kuti kawirikawiri limakwaniritsidwa pang'onopang'ono, ngati munda woguga umene ukuthiridwa manyowa.

Si ine, ndi mwana wanga. Anakulira m'tchalitchi koma pano safuna n'kumva komwe. Nditani?

Pali mayi wina wa kumpoto kwa Africa amene anadutsa njira yanuyi. Monica anali wa ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mwana wake Augustine, wobadwa mu 354, anakula akumva za Khristu kwa mayi ake, koma atapita kusukulu ku Carthage analowa chipembedzo china, anatenga mkazi osakwatirana naye mwalamulo n'kubereka naye mwana. Monica anam'pempherera ndi misozi zaka zambiri, mpaka anamulondola ku Italy. Augustine anabatizidwa ku Milan mu 387 ndi Bishopu Ambrose, ndipo mayi ake anamwalira chaka chomwecho. Pambuyo pake anakhala Bishopu wa ku Hippo, ndipo mpaka lero Akatolika ndi Apulotesitanti omwe amaphunzira zolemba zake.

Sindikulonjezani kuti wanu adzakhala bishopu. Ndingoti musatseke chitseko. Akabwera pa holide musasandutse nsima iliyonse kukhala ulaliki, mavesi amawadziwa kale. Bambo wa m'fanizo uja sanatumize anthu kukamukoka mwana kudziko lakutali, koma mwanayo atafika pothedwa nzeru anakumbukira kuti kwawo kuli chakudya. Wanuyo akadzafika pamenepo, adzakumbukire kuti kwanu amalandiridwa.

Bambo anga analapa atagona kale pa bedi la imfa. Anthu akuti ankangofuna kuti adzaimbiridwe nyimbo pamaliro. Kodi kulapa kotere kumawerengedwa?

N'zoona kuti kwathu kuno ena amabwerera ku mpingo poopa kuikidwa mwachinunu, popanda kwaya ndi abusa. Koma mtima wa bambo anu sitinauone, inu ngakhale ine. Chimene tikudziwa n'chakuti mmodzi mwa achifwamba amene anapachikidwa ndi Yesu analapa atatsala ndi maola ochepa, manja atakhomedwa, osatha kubweza chilichonse chimene anaba, ndipo Yesu anamuuza kuti tsiku lomwelo adzakhala naye m'Paradaiso (Luka 23:39-43). Ngati mpingo uimba kapena suimba pamaliro, limenelo ndi lamulo la mpingo. Si kwaya imene imatsegula kumwamba.

Kwa inu amene mukuwerenga muli bwinobwino, musati mudikire bedi limenelo. Ngozi ya pamsewu sipereka mpata woitana abusa.

Chabwino, ndiyambire pati?

Yambani nokha, lero, ndi mawu anuanu. Ngati mawu akusowa, werengani Salimo 51 mokweza ngati kuti munalemba ndinu. Kenaka m'kati mwa sabata, osati Lamulungu pamene aliyense ali piringupiringu, kaonaneni ndi mkulu wa mpingo wa m'dera lanu, mtsogoleri wa mphakati, kapena abusa. Muwauze kuti mukufuna kubwerera, ndipo muwafunse momveka kuti njira yake ndi yotani ndiponso itenga nthawi yaitali bwanji. Ngati munasamuka, adzakuthandizani kuitanitsa kalata kuchokera ku mpingo wanu wakale.

Za zovala musadandaule, chapani zomwe muli nazozo. Chopereka ngati palibe, mbale ingodutsa. Mukafika mochedwa dala kuti anthu asakuoneni, palibe vuto, benchi yakumbuyo kufupi ndi khomo nthawi zambiri imakhala ndi malo. Nyimbo zake n'zomwe zija munazisiya, ndipo manambala ake sanasinthe.